Apakati Awiri a ku Canongola, Dzina Limodzi

Lamlungu lililonse masana, amuna amene amamwa pa baraka yanga kuno ku Canongola, mumzinda wa Tete, amakangana nkhani imodzimodzi. Akuti osewera pakati awiri amene anagwirizanapo kuposa onse ndi ati? Omwetsa zigoli sawawerengera, amati amenewo ndi okondweretsa atsikana. Iwo amafuna aja olimba, olanda mpira, oti akakugunda umakumbuka kwanu. Wina amatchula a ku Ulaya amene amawaona pa televizau, wina a ku Maputo. Wina amakakamira Gerson ndi Eduardo a ku Chingodzi, amene kunena zoona ankamenya anthu kuposa mpira. Amakuwa mpaka malovu kugwera m'matambula anga. Ndiye pamapeto pake pamadzuka mdala wina n'kunena kuti, "Inu ana, khalani chete. Simunaone Mphero ndi Mwanamphero. Simunaone Lourenço ndi Flávio." Akatero onse amandiyang'ana cham'mbali, ine n'kumapukuta tebulo lopukuta kale.

Ine ndine Tomásia. Lourenço ndi achimwene anga, bere limodzi. Ngati pali munthu wodziwa za awiri aja ndi ine, chifukwa zaka zisanu ndi zinayi ndinkachapa malaya a timu ya bairo lathu, dera lathu lino. Mwamuna angakunamize za mmene wasewerera, koma malaya sanama. A omwetsa zigoli ankabwera akununkhira, ena osafunika n'komwe sopo. Koma nambala 6 ndi nambala 8 ankabwera ali gwa ndi mchere wa thukuta, fumbi la pa kampu, bwalo lathu la mpira, litalowerera mpaka mu ulusi, pena ndi magazi omwe. Ndinkachita kuwanyika kawiri. Zala zangazi zinasupuka chifukwa cha anthu awiri amenewa.

Flávio sanali m'bale wathu, ngakhale tinadyera mbale imodzi. Ife tinathawa nkhondo ku Tsangano mu 1986, tinakakhala ku Ntcheu zaka zisanu ndi zitatu. Flávio anafika pa msasa atagwira chitenje cha mayi wina amene sanali amake, ndipo mayiyo atamwalira amayi athu anamutola. Palibe ankadziwa bambo wake, mudzi wake, kaya tsiku limene anabadwa. Abambo athu, a Fabião Cachiza, anali munthu wa mapepala. Pothawa anasiya mbuzi, anasiya njinga, koma kachitini ka mabisiketi kokhala ndi masedula athu, mapepala a kubadwa aja, anakamangirira pamimba mpaka kuwoloka malire. M'kachitinimo munali dzina la achimwene, munali langa. La Flávio munalibe.

Mtendere utabwera tinabwerera mu 1994, abambo atapeza ntchito ya ulonda kuno ku Tete. Eni mzinda, olankhula Chinyungwe, ankatitcha a ku Malawi ngakhale michombo yathu inakwiriridwa ku Tsangano. Ine ndinkawayankha ndi pakamwa. Anyamata awiriwa anawayankha ndi mpira.

Atangolowa mu timu anali ndi shutera, nsapato za mpira zija, peyala imodzi yokha. Achimwene amamenya ndi mwendo wamanzere, Flávio wamanja. Ndiye achimwene ankavala yakumanzere, Flávio yakumanja, phazi linalo lili pa dothi lotentha la Tete. Anthu ankaseka mpira usanayambe. Ukayamba, kuseka kunkatha.

Kaseweredwe kawo kanali kosavuta kukamvetsa, koma kovuta kukathawa. Achimwene sankachoka pakati. Ankaima patsogolo pa otchinga kumbuyo, kulanda mpira, kupatsira Flávio, basi. Flávio ndiye ankayendayenda, kutsogolo, m'mbali, kubwerera, kumupanikiza munthu mpaka munthuyo athawire kumene kuli achimwene. N'chifukwa chake ochemerera anawatcha Mphero ndi Mwanamphero: mwala wapansi sugwedezeka, wapamwamba ndiye umayenda, koma cholowa pakati pawo chimatuluka ufa. Sankalankhulana zambiri. Flávio akafuna kuthamangira kutsogolo ankangocheuka, achimwene n'kukuwa, "Pita, ndilipo!" Mawu ake anali omwewo zaka zonse.

Zaka zisanu ndi zinayi, achimwene anamwetsa chigoli chimodzi chokha, ndipo nachonso mpira unachita kuwagunda m'chiuno. Sanavine. Anangobwerera pakati ngati munthu amene waponda nkhuku ya eni. M'manja anthu ankaombera Flávio. Achimwene ankakondedwa ndi madala okhaokha, aja odziwa kuti mpira umaphikidwa kuti. Tsiku lina ku Moatize, Flávio anamuthyola munthu ndi chigongono woyimbira akuyang'ana kwina. Woyimbira atatembenuka anapeza anthu awiri a fumbi lofanana ataima pa wovulalayo. Achimwene anakweza dzanja. Khadi lofiira anatenga ndi iwo, Flávio anatsala n'kumwetsa chigoli, ndipo pobwerera anthu ankaimba dzina la Flávio m'galimoto. Ndinawafunsa kuti achimwene, bwanji? Anati timu ikanasowa Flávio kuposa iwo. Khalidwe limeneli ndinayenera kuliopa kuyambira tsiku lomwelo.

Kenaka kunabwera malasha. Malashawo analipo kale ku Moatize, makolo ankawaponda, koma cha m'ma 2009 azungu anakumbuka kuti ndi chuma. Tete anasanduka. Magalimoto oyera okhala ndi kambendera pamwamba pa ndodo anadzaza pa mlatho. Anthu a ku Maputo, a ku Zimbabwe, a ku Brazil, Asilamu ndi Akhristu, onse kufuna pogona. Eni nyumba anayamba kugona kukhitchini kuti zipinda zawo achititse renda. Mnyamata aliyense ankayenda ndi envulopu ya mapepala m'khwapa, kukaima pa zipata za ma empreza, makampani a ku mgodi aja, kuyambira mbandakucha. Ukaona munthu wavala zovala za mizere yowala, unkadziwa kuti kwawo akudya nyama.

Empreza ina ya magalimoto onyamula katundu, dzina lake ndilisunga, inali ndi shefi, bwana wamkulu, wopenga ndi mpira. Ankafuna timu yoti ichititse manyazi anzake pa mpikisano wa ogwira ntchito. Ndiye anatuma munthu kuzungulira mabairo: amene wasewera bwino, ntchito. Osati ya mpira wokha ayi, ntchito yeniyeni, ya chisoti ndi nsapato zachitsulo.

Linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, 2010, dzuwa loti mbuzi zimabisala pansi pa magalimoto. Tinkasewera ndi a ku Francisco Manyanga. Abambo ndi amayi anali atatisiya kale, achimwene ndi Flávio ankadyera maganyu. Flávio atamva kuti kunja kwa kampu kuli mlendo wa ku empreza ija, kabuku m'manja, mutu unamuzungulira. Munthu amene moyo wake wonse ankapatsira msanga, tsiku limenelo anafuna kuchenjerera anthu atatu yekha. Wachitatu anamulanda. Pakati panatsala pululu, mnyamata wawo akuthamanga yekha kulunjika golo lathu. Achimwene anachokera kumbali n'kudziponya. Mpira anaupeza. Koma mnyamatayo anawagwera pa bondo, ndipo kulira kwa bondolo ndinakumva ndili kuseri kwa golo ndi ndowa yanga ya madzi.

Mlendo uja anati ankafuna onse awiri, koma wothyoka sangamulembe. Flávio abwere pasanathe sabata ziwiri ndi bilyeti, chiphaso cha boma chija, komanso pepala losonyeza kuti anamaliza setima, kalasi ya seveni, kusukulu. Flávio analibe chilichonse mwa ziwirizi. Sukulu analekera panjira. Kuti ayambe kufunafuna mboni za kubadwa kwake, munthu wosadziwa ngakhale mudzi wa amake, chaka chikanatha.

Patapita masiku atatu anabwera kunyumba masana ndi mkazi wake Belmira, ali ndi pakati potopa. Achimwene anali gone pa mkeka pansi pa mtengo wa masawu, mwendo uli m'chikhakha. Flávio sanapemphe kanthu, pamenepo ndimuchitire umboni. Anangokhala pa njerwa, mutu uli pansi, kumakanda dothi ndi kamtengo. Belmira ndiye ankausa moyo mokweza kuti tonse timve.

Achimwene anati, "Tomásia, tenga kachitini ka abambo."

"Katani kachitini?"

"Tenga iwe."

"Achimwene, mwathyoka bondo kapena mutu? Dzina amabwereketsa ngati khasu?"

"Likugwira ntchito yanji panopa? Ine ndagona pano mpaka mvula itathe. Dzinalo ligone nane?"

Nthawi imeneyo boma linali litangoyamba kupereka mabilyeti atsopano, aja odinda chala pa makina. Ya achimwene yakale inali itatha nthawi, yatsopano anali asanatenge. Ndiye amene akanapita ndi sedula yawo, nkhope yake ndiyo ikanakhala pa dzinalo. Flávio anazimvetsa msanga. Anagwada pambali pa mkeka nati, "Achimwene, miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ndikangokhazikika ndikonza mapepala anga, lanu ndibweza. Ndikulumbira pa manda a amayi."

Achimwene anaseka, namumenya paphewa. "Pita, ndilipo."

Ndinawauza pamaso pa onse kuti chifundo chidapha nkhwali. Anati vuto langa ndi kulongolola. Kachitini ndinakatenga ndine, ndi manja angawa, ndipo ndinachita kukaponya pa mkeka.

Bondo linatenga miyezi isanu ndi itatu, ndipo linapola mokhota pang'ono. Atayamba kuyenda anamudikira Flávio mwezi wathunthu. Zii. Ndiye anapita okha ku ofesi ya mabilyeti ndi chiphaso chawo chakale chija, poganiza kuti maina awiri ofanana boma silingadabwe nawo. Mtsikana wa pa kompyuta analemba dzina, kenaka anawatembenuzira galasi. "Bambo, Lourenço Fabião Cachiza anatenga kale bilyeti chaka chatha. Tsiku lobadwa lomweli, makolo omwewa. Kodi uyu ndinu?" Pagalasipo panali nkhope ya Flávio, atavala tayi. Achimwene anadziwa kuti akangoti ameneyo ndi wabodza, Flávio agona m'chitokosi tsiku lomwelo. Anati, "Pepani mayi, ndasokoneza," natuluka.

Kuyambira pamenepo anakhala munthu wopanda pepala, mumzinda umene ngakhale wosesa pabwalo la empreza ankamufunsa bilyeti. Ntchito zinalipo mbwee. Aulesi a m'bairo muno, aja ankasewera bawo tsiku lonse, anavala zisoti. Koma achimwene, munthu wa setima, wosamwa, wodzuka nkhuku zisanatsike, anagula ngolo yokankha n'kuyamba kututa mchenga ndi njerwa za nyumba za anthu a ku mgodi. Theka la nyumba za renda zimene mukuziona kumtundaku, mchenga wake unadutsa pa bondo lokhota lija. Sanadandaulepo. Kusadandaula kwawoko ndi kumene kunkandipsetsa mtima kwambiri.

Nanga Flávio? Mu timu ya empreza anakhalamo chaka chimodzi. Popanda achimwene kumbuyo kwake anali wosewera wamba, wongothamanga n'kusiya pakati pali pululu, mpaka anamukhazika pa benchi. Koma ntchito inatsala. Anaphunzira kuyendetsa galimoto lalikulu, anamanga nyumba ku Chingodzi kufupi ndi bwalo la ndege, anagula njinga yamoto, mimba inatuluka. Pa Khirisimasi ankatumiza thumba la mpunga ndi mafuta ophikira. Mpungawo ine sindinkadya. Achimwene ankadya, n'kumati mpunga sunalakwe.

Tsiku lina ndinali nawo pa msika, Flávio akutsika pa njinga yake tsidya la msewu. Munthu wina wa chisoti anakuwa, "Lourenço!" Onse awiri anacheuka. Flávio anakweza dzanja, naseka. Achimwene anaweramira ngolo yawo ngati akuyang'ana tayala. Ndithu pakanakhala mwala pafupi, bwenzi nkhaniyi ndikukusimbirani ndili m'ndende.

Chimene chinandimaliza ndi cha Dulce. Dulce anali mkazi amene achimwene ankakhala naye, mtsikana wabwino, wa kwaya, ndipo ankafuna ukwati woyera. Kutchalitchi anati abweretse mapepala a boma. Pofufuza anamva kuti Lourenço Fabião Cachiza ndi wokwatira kale. Flávio anali atakalembetsa ukwati ndi Belmira mwakachetechete, kuti Belmira ndi ana azilandira mankhwala ku chipatala cha ku ntchito. Osauza munthu, abale! Dulce sanakuwe. Anapinda zovala zake nati, "Bambo, ine ndadikira zaka ziwiri. Sindingakhale chibwenzi cha mwamuna wa Belmira." Anabwerera kwawo ku Angónia. Achimwene anamunyamulira katundu mpaka pokwerera minibasi, pa ngolo yomweyo ya mchenga.

M'mawa mwake ndinatseka baraka n'kupita ku Chingodzi. Ndinamupeza Flávio akutsuka njinga yake. Moyo wanga wonse ndinkamuti achimwene Flávio. Tsiku limenelo ndinamuti iwe.

"Mlongo, takulandirani! Belmira, tulutsa mpando."

"Mpandowo usunge. Ndabwera kudzatenga dzina la achimwene."

"Mlongo, si zophweka choncho. Ndikaulula lero andichotsa ntchito, andimanga. Nanga ana awa?"

"Ana awa ali ndi bambo wonenepa. Achimwene ali ndi chiyani? Unati miyezi isanu ndi umodzi, iwe. Unalumbira pa manda a amayi amene anakutola uli ndi mphere!"

Anagwetsa kansanza kamene ankatsukira. "Mukuganiza kuti ine ndili pa mtendere? Akandiitana kuntchito ndimamva ngati ndaba."

"Si ngati ayi. Waba."

Anati ndidikire chaka chithe. Belmira sanatuluke m'nyumba, koma mapazi ake ndinkawaona pansi pa nsalu ya pakhomo. Nditabwerera n'kuwauza achimwene, anakalipira ine. Eti ndamuchititsa manyazi mphwawo pakhomo pake.

Mu Ogasiti 2013, a José, mphunzitsi wakale wa timu yathu, anakonza mpira wa madala ndi anyamata a timu yatsopano. Anati ana a masiku ano aone mmene pakati ankasewerera. Kampu inadzaza, ena anakwera pa mlambe. Flávio anabwera ndi mimba yake, achimwene ndi bondo lawo atalikulunga ndi chubu cha njinga. Ine ndinapita ndi mkwiyo wanga, ndinati ndikangoonerera manyazi. Koma abale, mpira ndi ufiti. Wezulo itangolira, anthu awiri aja, amene chaka chonse sanakhalepo pa mkeka umodzi, anayamba kumvana osayang'anana n'komwe. Flávio akupanikiza, achimwene aima kale pamene mpira uthawire. Anyamata a zaka makumi awiri ankagwa okha. Mphindi makumi anayi, palibe anadutsa pakati. Madala ankapukuta misozi, ndipo ine, chitsiru ine, ndinangozindikira nthungululu ikutuluka pakamwa panga.

Mpira utatha ndinawaona atakhala pansi pa golo, akumwera botolo limodzi la madzi. Achimwene anandiuza pambuyo pake kuti kanali koyamba kupempha ndi pakamwa pawo. Anati, "Mphwanga, ndatopa. Ndibwezere." Flávio analira, nati wapeza munthu wodziwa malamulo, Khirisimasi ikangopita akadziulula yekha. Kaya ankanena zoona, kaya ndi mpira umene unamufewetsa mtima tsiku limenelo, sindikudziwa. Mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, galimoto lake linagubuduzika pa msewu wa ku Zóbuè. Anafera pomwepo.

Maliro ake sindidzawaiwala ngakhale nditafuna. Akuntchito anabweretsa bokosi lonyezimira, ndi mtanda wolembedwa kale ndi penti yoyera: Lourenço Fabião Cachiza. Pasiwa panali magulu awiri. A zisoti ankalira Lourenço. A ku Canongola, amene nkhani yonse ankaidziwa, ankalira Flávio, koma chapansipansi. Ndiye kumanda kunaimirira mkulu wina wa kuntchito ndi pepala, n'kuyamba kuwerenga mbiri ya malemu. Anabadwira ku Tsangano. Mwana wa malemu Fabião Cachiza ndi malemu Amélia. Wasiya mkazi, ana atatu, ndi mlongo mmodzi, Tomásia. Mayo ine! Amayi anga, abambo anga, ine ndemwe, tonse kutiwerengera pa bokosi la Flávio, mwini dzina ataima pomwepo ndi fosholo m'manja. Ndinatsegula pakamwa. Achimwene anandiyang'ana kamodzi kokha, ndinatseka. Dothi loyamba anathira ndi iwo.

Ndisaname, pobwerera kumanda mumtima mwanga munali kachimwemwe, Mulungu andikhululukire. Ndinati basi, wakufa samangidwa. Tsopano achimwene akanena zoona, dzina libwerere kwa mwini wake. Pa baraka pamabwera bambo wina wogwira ntchito kukhoti, ndinamufunsa. Anati n'zotheka. Padzakhala mafunso, mwina kachilango, koma ndi mboni za m'bairo dzina libwerera. Kenaka anawonjezera kuti zikatero ukwati wa Belmira ufafanizidwa, mapepala a ana nawonso, ndipo pensau, thandizo la mwezi ndi mwezi la mkazi wamasiye lija, sadzaliona. Ndinati zimenezo si zanga.

Patapita sabata zitatu Belmira anabwera atavala zakuda, nagwada pakhomo la baraka. "Alamu, ku ofesi akufuna wachibale wa malemu, wa magazi, akasayine kuti amene wamwalirayo ndi Lourenço m'bale wake. Popanda zimenezo satipatsa kanthu. Pa mapepala, wachibale amene watsala ndinu nokha."

Ndinaseka, kuseka koipa. "Ndiye ukufuna ndikaphe achimwene ndi cholembera? Dzuka, usandidetsere pakhomo."

M'mawa mwake ndikusesa, achimwene anaimika ngolo pakhomo. Sanakhale pansi.

"Tomásia, vala nsapato. Tikupita ku ofesi."

"Eya! Tikanene zoona."

"Ukasayine."

Tsache linandipulumuka m'manja. "Achimwene, mukudziwa chimene mukunena? Ndikasayina pepala lija ndiye kuti mwafa. Simudzalembedwa ntchito, simudzakwatira, simudzavota. Mukadzabala mwana, pa pepala adzakhala wopanda bambo. Zaka zitatu mwadikira!"

"Ndikudziwa."

"Nanga bwanji?"

"Ana atatu aja adya chiyani? Wamng'ono sanayambe n'kuyenda komwe."

"Adye nyumba ya ku Chingodzi! Nanga inu mudya chiyani?"

"Ine ndili ndi manja."

Ndinawatukwana, achimwene anga enieni, mawu amene sindingawabwereze pano. Ndinati Flávio anakudyani ali moyo, tsopano akukudyani ali m'manda. Ndinati kukoma mtima kwanuko si kukoma mtima, ndi matenda. Anangoima, kundisiya ndithe mpweya. Kenaka anati, "Ndinamupatsa ndine, Tomásia. Ana aja sanapemphe dzina limeneli, anangobadwiramo. Ndiwavule lero, bambo wawo atangoikidwa kumene?" Anawonjezera kuti, "Ndikukupempha, mlongo wanga. Usandikanize."

Ndinalowa m'nyumba n'kuvala nsapato.

Tinayenda wapansi, iwo akukankha ngolo, ine pambuyo. Belmira tinamupeza akudikira pakhonde la ofesi, mwana kumsana. Achimwene sanalowe. Anaimika ngolo pamthunzi wa khoma n'kukhala pa chogwirira chake.

M'katimo munali mozizira, makina a mphepo akulira. Mayi wa magalasi anatenga bilyeti yanga, nayang'ana mapepala.

"Dona Tomásia Fabião Cachiza?"

"Ndine."

"Malemu Lourenço Fabião Cachiza anali ndani wanu?"

"Achimwene anga."

"Bambo mmodzi, mayi mmodzi?"

"Inde."

"Mtembo munauona? Mukutsimikiza kuti anali iwowo?"

Pazenera ndinkawaona achimwene. Anali akupukuta thukuta ndi chipewa, akuyang'ana magalimoto a ku mgodi akudutsa.

"Ndikutsimikiza."

"Pepani ndi zovutazi, mayi. Sayinani apa, ndi apa."

Ndinasayina. Dzanja silinanjenjemere n'komwe, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero. Chidindo chinalira kawiri. Belmira anafuna kundigwira mkono, ndinamusasa.

Nditatuluka, achimwene anadzuka pa ngolo paja, bondo likuvuta kuwongoka.

"Zatheka?"

"Zatheka. Mwamwalira, achimwene. Ndasayina ndine."

Anagwedeza mutu. "Wachita bwino, mlongo wanga." Kenaka anayang'ana dzuwa, nati pali munthu akudikira mchenga ku Francisco Manyanga, achedwa. Anagwira ngolo n'kuyamba kukankha.

Ndinaima pomwepo kuwayang'ana akutsimphina kukwera chitunda, munthu wa zaka makumi atatu ndi ziwiri amene boma likudziwa kuti ali m'manda. Flávio ndinamukhululukira, anafa. Belmira naye, ankafuna kudyetsa ana ake. Amene sindinawakhululukire ndi achimwene, ndi dzanja langali.